Ndimayenda ndithu, koma chala chinali chitathyoka

Pali mawu amene timakonda kuuzana munthu akavulala chala chakuphazi, akuti ngati ukutha kuponda ndiye kuti fupa lili bwinobwino, wangobinya basi. Ineyo mawu amenewa ndakula ndikuwamva ndipo ndinkawakhulupirira ndi mtima onse, mpaka chala changa chachikulu cha phazi lamanja chinathyoka ine nkumapitabe kuntchito ndikutsimphina osadziwa kanthu. Nde ndati ndilembe zonse mmene zinayendera, mwina wina awerenga izi atakhala pansi chala chitatupa akudzifunsa kuti kodi ndipite kuchipatala kapena ndidikire kaye.

Linali Loweruka masana, timasuntha kabati yamatabwa olemera ndi alamu anga kuchoka kuchipinda kupita nayo pabalaza. Kuphazi ndinali ndi masilipasi okha. Titafika pakhomo kabati ija inakana kudutsa, alamu aja akuti tiipendeketse pang'ono, pamenepo dzanja langa linaterereka ndipo kona yapansi inagwera pachala chachikulu chenichenicho, pamwamba pa chikhadabo. Ndinamva kaphokoso kakang'ono kuti thyo, koma poti matabwa nawo amalira ndinaganiza kuti ndi kabatiyo. Ululu wake unali wamtundu wina, unakwera mpaka m'mimba, ndinamva mseru ndi thukuta lozizira, ndinangokhala pansi pompo nditagwira phazi osatha ndi kulankhula komwe.

Patapita kanthawi alamu anati, "Tadzukani alamu, tapondani tione." Ndinadzuka, ndinaponda ndi chidendene komanso m'mbali mwa phazi, ndinayenda kukafika pampando. Iwo aja kuseka momasuka, akuti aa chikanakhala chathyoka simukanaima nkomwe. Sindikuwaimba mlandu ayi, amanena zomwe tonse timadziwa. Koma taonani mmene ndinayendera, chala chovulalacho sindinachipondere olo pang'ono, thupi lokha linapeza njira yochizemba. Munthu amatha kuyenda chala chitathyoka, ena amayenda ngakhale fupa lapakati pa phazi litathyoka, chifukwa chidendene ndi zala zinazo zimanyamula katunduyo. Kuyenda sikutsimikizira chilichonse.

Pofika madzulo chala chinali chitatupa mpaka khungu kumawala, timakwinya tonse ta pamfundo titafufutika. Pansi pa chikhadabo panayamba kuda, poyamba kachigawo kakang'ono kumunsi, kenako mdima uja unafalikira chikhadabo chonse. Usiku umenewo sindinagone. Chala chimagunda chokha motsatana ndi mtima, ndikatsitsa mwendo pansi kugundako kumawonjezeka, ndikaukweza pa pilo kumachepako. Nsalu yofunda ikangokhudza nsonga ya chala ndimadzidzimuka. Mayi akunyumba anadzuka pakati pa usiku akuti, "Inu, mawa tipite akakuoneni, chala ichi sichikuoneka bwino." Ine ndinati tidikire kaye kutupaku kuphwe.

Mmawa mwake ndinatenthetsa madzi nkuyamba kuthowa, kenako kutikita ndi mafuta otentha aja opaka malo owawa. Mnzanga wina atabwera kudzandiona anachigwira nkuchikoka mwamphamvu akuti mwina mfundo yaguluka aibwezere. Ndinakuwa. Zonse zitatuzi pambuyo pake ndinauzidwa kuti zimawonjezera vuto. Masiku awiri kapena atatu oyambirira kutentha kumatsegula mitsempha yamagazi nde kutupa kumakula, kutikita kumasokoneza malo amene akuyesera kugwirana, ndipo kukoka chala chothyoka kukhoza kusuntha fupa lomwe linali pamalo pake. Chofunika nthawi imeneyo ndi chozizira, madzi oundana okulunga pakansalu osati kuika pakhungu mwachindunji, mphindi 15 mpaka 20 kenako kuchotsa, nkubwereza pakadutsa maola angapo. China ndi kukweza phazi lipose pamene pali mtima ukagona, ndi kusaliyendetsa yendetsa. Zosavuta, koma ine ndinachita zosiyana nazo.

Lolemba ndinapita kuntchito. Ntchito yanga ndi yoimirira pafupifupi tsiku lonse, ndipo nsapato yotseka inakana kulowa, ndinaikakamiza ndikulumira mano. Ndimamwa panado mmawa ndi masana, ululu umatsika pang'ono nkubweranso. Pofika nthawi yoweruka phazi lonse limakhala litatupa mpaka pa kakolo, sokosi itasiya mzere wozama. Anzanga akuntchito aliyense ndi malangizo ake, wina akuti manga ndi bandeji yolimba kwambiri, wina akuti boola chikhadabo ndi singano magazi atuluke. Mwamwayi za singanozo ndinachita mantha sindinayese. Fupa likakhala lathyoka pansi pa chikhadabo, kuboola ndi chinthu chosaphikidwa bwino nkutsegulira tizilombo njira yolunjika kufupa, ndipo matenda a m'fupa ndi ovuta kuchiza kuposa kuthyoka kwenikweniko.

Chomwe chimandisokoneza masiku amenewo nchakuti chala changa sichinapindike. Ndimachiyerekeza ndi chakumanzere, ndimaona kuti chalunjika bwinobwino kungoti chanenepa. Nde mumtima ndimati fupa lothyoka limaoneka, limakhota. Zoona, chala chikakhota kapena kuloza kumbali, kapena chikaoneka chachifupi kuposa chinzake cha phazi linalo, kapena chikhadabo chikapenya kumbali kusonyeza kuti chala chazungulira, pamenepo palibe zokambirana, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Koma zala zambiri zothyoka sizikhota. Fupa limangosweka mng'alu nkukhala pamalo pake, kunja osaoneka kanthu kupatula kutupa ndi kuda.

Kuda kumeneku ndikufuna ndinenepo pang'ono chifukwa pakhungu lakuda ngati langa sikuoneka msanga. Anthu amayembekezera kuona kufiira kapena mtundu wowala, pomwe kwa ife malowo amangoderako kuposa khungu lozungulira, nthawi zina mobiriwira. Ine ndinakuona bwino nditatembenuza phazi nkuyang'ana kunsi kwa chala komwe khungu ndi loyererako, kunali chibanga chakuda chofiirira, ndipo patapita masiku chinatsikira pakati pa zala mpaka kunsi kwa phazi. Amenewo ndi magazi otuluka mkati, fupa likathyoka limatulutsa magazi ndithu. Choncho mukavulala tengani tochi, yang'anani pansi pa chala ndi m'mipata ya zala, osati pamwamba pokha.

Sabata inatha, ina nkuyamba. Apa mpamene mtima unayamba kundiuza kuti izi sizabwinobwino, chifukwa ndinapunthwapo kambirimbiri m'moyo mwanga ndipo ndimadziwa mmene zimakhalira, tsiku loyamba kuwawa kwambiri, lachiwiri bolako, lachitatu waiwala. Ichi ayi. Kutupa kunachepa pang'ono mmawa koma madzulo kumabwerera, ndipo pamalo amodzi, kumunsi kwa chikhadabo chapafupi ndi mfundo, ndikangodinikiza ndi chala cha dzanja ululu umabaya ngati tsiku loyamba lomwe. Bondo lakumanzere linayamba kuwawa, msana nawo, chifukwa cha kayendedwe kopendekeka kaja. Usiku ndimakwiya ndi zinthu zazing'ono, ana akathamanga pafupi ndi phazi langa ndimakalipa asanandikhudze nkomwe. Zimenezi zimandimvetsa chisoni mpaka lero.

Chinandidzutsa ndi tsiku lina mmawa ndikuvula sokosi yomwe ndinagona nayo, ndinapeza yamatirira pachala. M'mbali mwa chikhadabo mumatuluka timadzi tofiirira, khungu lozungulira linali lotentha ndikaligwira. Mayi akunyumba sanafunsenso maganizo anga, anangoti, "Valani, tikupita." Ndinamvera.

Kuchipatala tinadikira nthawi yaitali ndithu, pafupifupi mmawa onse pamzere, ndiye ngati mukupita konzekani kuti tsiku limenelo lapita, ndipo pezani pokweza mwendo podikirapo chifukwa ukalendewera nthawi yaitali umagunda koopsa. Nditalowa adokotala anandifunsa mmene ndinavulalira, liti, komanso ngati ndili ndi matenda a shuga kapena ndimasuta fodya. Kenako anagwira phazi. Anayamba kudinikiza kutali, pamwamba pa phazi, akutsatira fupa lililonse pang'onopang'ono akundiyang'ana kumaso. Pamfundo yaikulu pomwe chala chimalumikizana ndi phazi sindinamve kanthu kwenikweni. Atafika pafupa lakunsonga ndinadumpha. Kenako anagwira nsonga ya chala nkuikankha pang'ono molunjika kuphazi, ngati akufuna chala chilowe mkati, sanagwiritse mphamvu olo pang'ono koma ululu unabaya pamalo omwe aja. Anangogwedeza mutu nkuti, "Bambo, apa pakuoneka kuti fupa lathyoka, tiyeni mukajambulidwe."

Anandifotokozera kuti kubinya kumavulaza minyewa yomanga mfundo, nde ululu wake umakhala mozungulira mfundoyo ndipo umamveka kwambiri ukamapinda chala. Fupa likathyoka ululu umakhala pamalo amodzi pafupa penipeni, ndipo ukakankha chala kuchokera kunsonga mbali ziwiri zothyokazo zimagundana nde umamva kubaya. Izi munthu akhoza kuyesa yekha kunyumba modekha, kamodzi kokha, osati kumabwereza bwereza. Sikuti zimapereka yankho lotsimikizika, yankho lenileni ndi X-ray, koma zimakuuza kuti usazengereze.

Anaonanso ngati magazi akuyenda bwino. Anafinya kunsi kwa chala mpaka payera, nkusiya, mtundu unabwerera msanga. Akuti ukabwerera mkati mwa masekondi awiri ndiye kuti zili bwino. Anandikhudza ndi kanthu kosongoka mbali zonse kufunsa ngati ndikumva. Chala chikachita dzanzi, chikazizira kuposa zinzake, kapena chikasintha mtundu chonse nkukhala chotuwa, zimenezo nzadzidzidzi, sizodikira kuti kuche.

Chithunzi chitabwera anachiika powala nkundiitana kuti ndione. Ndinaona mafupa a phazi langa oyera mbee, ndipo ndinadabwa kuona kuti chala chachikulu chili ndi mafupa awiri okha pomwe zinazo zili ndi atatu atatu. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, mwa amenewa 14 ali m'zala. Pafupa lakunsonga kwa chala changa panali kamzere kakuda kopyapyala kodutsa mopendekeka, kuyambira chapakati nkutsikira mpaka kukhudza m'mphepete mwa mfundo. Kanthu kakang'ono kwambiri, ukanapanda kulozeredwa sukanakaona, koma ndi kamene kanandisowetsa tulo masiku onsewo. Ndinamva zinthu ziwiri nthawi imodzi, mtima kukhala pansi kuti ululu uja sunali wongoganizira, komanso mantha kuti ndakhala ndikupondera fupa losweka.

Adokotala sanandikalipire koma sanabisenso mawu. Anati mwayi wanga ngwakuti fupa silinasunthe kwambiri. Likanasuntha, masiku oyambirira amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pachala nkuliwongola mosavuta, koma pakadutsa masabata awiri kapena kuposerapo fupa limakhala layamba kugwirana mmene lililimo, nde kuliwongola kumavuta, nthawi zina mpaka opaleshoni. Anatinso magazi a pansi pa chikhadabo aja ndikanabwera tsiku loyamba kapena lachiwiri akanawatulutsa poboola kabowo kakang'ono ndi chida choyera, ndipo kugunda kuja kukanachepa nthawi yomweyo. Pofika tsiku limenelo anali ataundana kale, panalibenso chochita. Ndikakumbukira usiku woyamba uja ndimangoti zikanatheka kupewedwa.

Za chala chachikulu anatsindika kwambiri. Chimenechi si chala wamba, ndi chomwe timakankhira pansi tikamaponya phazi kutsogolo ndipo chimatithandiza kuima osagwa. Chikapola molakwika kayendedwe konse kamasintha. Ndipo mng'alu ukalowa m'mfundo ngati wanga pamakhala chiopsezo choti mfundoyo idzaume kapena kudzayamba nyamakazi patsogolo. Choncho lamulo lomwe ndinatengapo ndi lakuti chala chachikulu chikavulala kwambiri, chatupa, chada, sukutha kuchipondera, usayese kudzichiza, kajambulitse. Tizala tating'ono tinato nthawi zambiri timapola tokha tikasamalidwa bwino, moti ngati sitinakhote ndipo palibe bala nthawi zina achipatala sajambula nkomwe chifukwa chithandizo chake chimakhala chomwecho.

Timadzi totuluka m'mbali mwa chikhadabo tija anati ndi chiyambi cha matenda, khungu linali litang'ambika pang'ono pansi pa chikhadabo pomwe ine sindimaona. Anatsuka, anandipatsa mankhwala opha tizilombo oti ndimwe mpaka kumaliza, ndipo anandifunsa kuti katemera wa kafumbata ndinabayitsa liti. Sindimakumbuka, anandibaya pompo. Apa mvetserani bwino, chala chovulala chikakhala ndi bala, kapena magazi akutuluka kuchokera pansi pa chikhadabo, fupa lothyokalo likhoza kukhala kuti lakumana ndi kunja ngakhale simukuliona. Kumeneko amakutenga ngati kuthyoka kotseguka ndipo kumafuna chipatala tsiku lomwelo.

Ine ndimayembekezera chikhakha koma sanandiike. Anamwino anatenga kathonje nkukaika pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri, kenako anamanga ziwirizo pamodzi ndi pulasitala, chala chabwinocho chikhale ngati chogwiriziza chinzake. Anandiphunzitsa kuti ndizisintha tsiku lililonse ndikasamba, ndiziumitsa bwino pakati pa zala, thonje lisasowe chifukwa khungu likamakhudzana ndi thukuta limasupuka nkuchita zilonda, ndipo ndisamange mothina. "Bambo, mukaona chala chikuchita dzanzi kapena kusintha mtundu mumasule msanga," anatero. Anandiuzanso kuti ndipeze nsapato yapansi polimba yosapindika komanso yotakasuka kutsogolo, kuti ndikamayenda chala chisamapindike. Masilipasi anandiletsa, chifukwa kuti asavuke zala zimagwira ntchito yowakanirira ndipo chala chimakhala pamtunda chosatetezedwa.

Pa mankhwala a ululu anati panado ali bwino, ndipo bulufeni amathandiza kutupa koma si wa aliyense. Amene ali ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso, amayi oyembekezera, kapena amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi afunse kaye achipatala. Ndipo osapyola mlingo wolembedwa poganiza kuti ukamwa ambiri upola msanga, panado wochuluka amawononga chiwindi.

Funso la shuga lija ndinafunsa chifukwa chake. Akuti munthu wa shuga mitsempha yakumapazi imatha kufooka moti samva ululu bwino, akhoza kuthyoka chala osadziwa, komanso magazi sayenda mokwanira nde kabala kakang'ono kamasanduka chilonda chachikulu. Munthu wotere asamange zala yekha ndi pulasitala, asaike madzi oundana mwachisawawa, apite kuchipatala ngakhale kuvulalako kukuoneka kochepa. Chimodzimodzi amene ali ndi vuto la kayendedwe ka magazi m'miyendo. Za fodya anati amachedwetsa fupa kugwirana. Ine sindisuta, koma ndikudziwa ena owerenga amasuta.

Ndinafunsanso za ana poti kunyumba ndili nawo othamanga thamanga. Mafupa a mwana amakhala ndi malo ofewa kumapeto komwe amakulira, ndipo kuthyoka kumakonda kudutsa pamenepo. Mwana akapunthwa chala chachikulu mwamphamvu nkumatuluka magazi kumunsi kwa chikhadabo, musangomanga kansalu nkumuuza kuti asiye kulira, mukamuonetse. Mwana akakana kuponda kapena akutsimphinabe mawa lake, chimodzimodzi.

Kunena za zomwe zinandidyera, ndalama zinapita pa mayendedwe, pa kujambula koyamba ndi kobwereza, mankhwala, mapulasitala, ndi nsapato yatsopano ija yomwe sinali m'mapulani. Koma chachikulu chinali ntchito. Anandilembera kalata yopuma, ndipo nditabwerera ndinapempha kuti andipatse zogwira nditakhala pansi, zomwe sizinasangalatse aliyense chifukwa anzanga ndi amene amanyamula gawo langa. Ndalama zina zomwe ndimapeza pa ntchito zapadera zinaima. Galimoto sindimayendetsa poti ndi phazi lamanja lopondera buleki, ndipo musayese, buleki yadzidzidzi imafuna kuponda ndi mphamvu zonse. Ndikanapita tsiku loyamba ndalama ya X-ray ikanatuluka ndithu, koma ya mankhwala opha tizilombo ndi masabata owonjezera aja mwina ayi.

Zala zambiri zothyoka zimapola pa masabata 4 mpaka 6, chachikulu chimatha kutenga nthawi yoposerapo. Changa chinachedwa, ndikuganiza chifukwa cha kuchipondera kuja ndi matenda aja. Masabata oyamba anali otopetsa, kukhala mwendo uli m'mwamba, kusamba utakhala pampando, kudzuka usiku kumafufuza tochi kaye kuopa kugunda mwendo wa bedi. Pali nthawi ina ululu unachepa kwambiri ndinaona ngati ndachira, ndinayenda kamtunda ndithu ndi nsapato wamba, madzulo ake chala chinatupanso ndi kugunda. Nditapita kukaonedwanso adokotala anati ululu umatha fupa lisanalimbe, nde osathamangira. Pa chithunzi chachiwiri kamzere kaja kanali katayamba kufufutika, m'mbali mwake muli ngati kamtambo koyera, akuti limenelo ndi fupa latsopano likumera. Ndikagwira pamalopo ndimamva kachotupa kolimba, ndinachita mantha koma anati nzabwinobwino, kamachepa pang'onopang'ono pakapita miyezi.

Chikhadabo chinayamba kutukuka kumunsi, kenako tsiku lina chinangotsala chikulendewera mbali imodzi. Anandiuza kuti ndisachizule, ndizingochidula pomwe chasiyana ndi khungu nkuphimba kuti chisakodwe mu sokosi. Chinagwa chokha, pansi pake chatsopano chinali chitayamba kale, chopyapyala chokhala ndi mizere. Chikhadabo cha chala chachikulu chakuphazi chimamera pang'onopang'ono kwambiri, chimatenga chaka kapena chaka ndi theka kuti chifike kunsonga, nde musadabwe. Chikamamera samalani kadulidwe, dulani mowongoka osalowa m'makona, chifukwa nthawi imeneyi mpamene chimakonda kulowa m'nyama.

Ndili pamzere tsiku lobwereza ndinakhala pafupi ndi mayi wina amene anapunthwa kachala kakang'ono kakumapeto pa mwendo wa tebulo, kanali kataloza kumbali ndipo iwo anabwera tsiku lomwelo, anakawongola nkukamanga ndi kanzake. Ndinawaona akutuluka akuyenda bwino kuposa ine amene ndinali ndi masabata ambiri. Anamwino anatiuza tonse awiri chinthu china chomwe sindimadziwa, kuti nthawi zina munthu amaloza kachala kakang'ono pomwe chathyoka ndi fupa lalitali lakumbuyo kwake, m'mbali mwa phazi chakunja. Limeneli limathyoka kawirikawiri phazi likapotokola, ndipo malo ena a fupa limeneli sapola msanga chifukwa magazi amafikako ochepa. Nde ululu ukakhala m'mbali mwa phazi chapakati osati pachala penipeni, kumanga zala pamodzi sikuthandiza, pakufunika kujambula.

Palinso zina zomwe zimafanana ndi kuthyoka koma sizili choncho. Chala chachikulu chikatupa mwadzidzidzi usiku pamfundo yaikulu ija, chotentha, chowawa moti nsalu yokha siikhudzika, koma simunamenyetse paliponse, akhoza kukhala matenda a gout, omwe ndi mtundu wina wa nyamakazi, kapena tizilombo talowa m'mfundo, zonsezi nzofuna achipatala. Komanso amene amathamanga kapena kuyenda mitunda italiitali, fupa la phazi limatha kuchita mng'alu pang'onopang'ono popanda ngozi iliyonse, ululu umayamba ukamayenda nkutha ukapuma, kenako umakhazikika. Mng'alu wotere masiku oyamba nthawi zina suoneka ndi pa X-ray pomwe, nde akakuuzani kuti palibe kanthu koma ululu ukupitirira, bwererani.

Atandilola kusiya pulasitala chala chinali chouma, sichimapindika bwino. Anandionetsa zolimbitsa zosavuta, kuchipinda ndi dzanja pang'onopang'ono mmwamba ndi pansi, kuyala kansalu pansi nkumakakoka ndi zala, kenako kuimirira ndi zala nditagwira khoma. Poyamba zimawawa ndipo ndimaona ngati palibe chikusintha, koma ndinapitiriza. Kutupa kwa madzulo kunatenga miyezi kuti kutheretu, nsapato zina zothina kutsogolo ndinazisiya mpaka pano.

Lero ndimayenda bwinobwino, ndimathamanga pang'ono, ntchito ndinabwerera mwakale. Mfundo yakunsonga ija siipindika mofanana ndi ya kumanzere, imafika pena nkuima, ndipo kukazizira kapena ndikaima nthawi yaitali imandikumbutsa ndi kaululu kapansipansi. Adokotala anati mwina zikhala choncho, tizingoyang'anira, ululu ukadzakula kapena mfundo ikadzayamba kutupa ndidzabwerenso adzajambule kuona ngati nyamakazi yayamba. Ponyamula zinthu zolemera tsopano ndimavala nsapato yotseka yolimba kutsogolo ngakhale ndili m'nyumba, ndipo alamu aja tikamathandizana ntchito nawonso ndimawauza avale tisanayambe.